Ponda Pamisomali

Pachipata cholowera m'chigwa, mayi wotsogolera alendo anagawira aliyense chipewa cholimba. Bambo ake a Kachiwala anachilandira n'kuchivala.

Bambowa anali okhoma madenga. Chaka chapitacho anagwa padenga la sitolo n'kuthyoka mwendo. Mwendo unapola, koma mtima ayi. Ngakhale kukwera pampando kuti asinthe babu ankakana, ndipo ntchito zinkangowadutsa. Mwana wawo wamkazi, amene anzake ankamutcha Kachiwala chifukwa chosakhazikika, ndiye anawakakamiza kuti aperekeze kalasi yake paulendowu. Ankafunitsitsa kuti bambo ake ayambenso kukwera.

Njirayo inali ya matabwa okhomeredwa m'mbali mwa thanthwe, yopapatiza moti anthu ankayenda mondondozana. Pansi penipeni mtsinje unkaoneka ngati ulusi.

"Dzanja limodzi pachingwe nthawi zonse," anatero wotsogolera uja. "Wofuna kujambula aime kaye. Foni ikagwa, musaiperekeze!"

Ana anaseka. Bambo aja ankatsalira kumbuyo, nkhope itayang'ana kuthanthwe, thukuta lili kamukamu.

"Ababa, mukupsompsona mwala kodi?" Kachiwala anawaseka, uku akudumphadumpha kutsogolo.

Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Atafika pamlatho wolenjekeka wodutsa pamwamba pa chigwa, kunawomba mphepo, mlatho n'kugwedezeka. Kachiwala, amene anali atafika pakati, anasuzumira pampata wa matabwa. Anaona mtsinje uli kutali pansi. Anakhala pansi, n'kukumbatira chingwe, misozi ili chuchuchu.

Wotsogolera anabwerera kudzamutenga. "Gwira dzanja langa, mwanawe."

"Ayi! Matabwa athyoka! Ndikufuna ababa!"

Bambo aja anali ataima kumayambiriro kwa mlatho. Anayang'ana pansi. Mantha anawagwira zedi, ndipo miyendo inkawauza kuti abwerere. Koma mwana ankawaitana. Kenako maso awo anagwera pamizere iwiri ya misomali imene inayenda m'matabwamo mpaka tsidya. Aliyense wokhoma madenga amadziwa kuti padenga suponda paliponse. Umaponda pamisomali, chifukwa pansi pake ndi pamene pali mtanda.

Anaponda. Thabwa silinatekeseke. Anapondanso, mpaka anamufika mwana wawo.

"Usayang'ane mtsinje, ulibe nawe nkhani," anatero mofatsa. "Ukuiona misomali iyi? Pansi pake pali mtanda wolimba. Gwira lamba wanga, uziponda pomwe ndapondapo."

Kachiwala anadzuka pang'onopang'ono.

"Pamisomali," anatero bambo ake.

"Pamisomali," anayankha iye.

Ana amene anali atawoloka kale anawatola mawuwo n'kuwasandutsa nyimbo, akuwomba m'manja. Chigwa chonse chinkavomera. Awiriwo ataponda mwala wa tsidya, aphunzitsi anaimba likhweru lalitali ngati ali kumpira.

Kachiwala anabisa nkhope pachifuwa cha bambo ake. "Pepani, ababa. Ndimakusekani."

"Unalakwa pati? Mwala uja ndimaupsompsonadi," anatero iwo akuseka, maso atanyowa. Anacheuka n'kuyang'ana mlatho umene anadutsa, ndipo chimwemwe chinawadzaza mumtima.

Wotsogolera anawayandikira. "Bambo, kutsogoloku njira ikukwera kuposa apa. Ngati mwatopa, pali yachidule yotsikira kumsewu."

"Yotsikayo idikire ena, mayi," anayankha bambowo. "Tsogolani. Ife tikukwera."