Dzanja Lothira Mchere

Dzuwa linali litangolowa kuseri kwa nyumba za lendi ku Chigumula pamene Hajira ankatendera nkhwani pa mbaula. Atafika pothira mchere, anatapa yekha m'kachitini n'kuwaza. Apongozi ake, a Halimatu, ankasankha mpunga pakhonde. Anaona, nasiya kusankha.

Pakhomopo ankasunga mwambo wakale: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa a m'nyumba. Masiku ake akafika, Hajira ankagogoda kwa a Zione, mayi wamasiye wa khomo loyandikana, wogulitsa tomato ku Limbe. Iwowa anasiya kusamba kalekale, ndiye dzanja lawo linali lozizira, loyenera mphika uliwonse.

"Mwana wanga, kwa a Zione unasiyiranji kugogoda?"

"Sindikuona kanthu, amayi."

"Chiyambire liti?"

"Chikololere chimanga."

A Halimatu anaimba nthungululu. Mwana wawo Alidi, dalaivala wa lole ya kugolosale, anakhala ndi Hajira zaka zambirimbiri popanda mwana. Mawa lake anabwera ndi bafa la khanda, kuliyendetsa pamutu msewu wonse kuti aliyense aone.

Koma mimbayo sinakule. M'malo mwake Hajira ankangoti ali chikhalire, moto n'kumuyaka pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso, thukuta chuchuchu, kunja kukuzizira. Kukacha, zofunda zinali zonyowa ngati zagwera mumtsinje. Mtima unkagunda ngati wathamanga, mfundo zikuphwanya, tsitsi likutsalira m'chipeso. Amayi apampopi anati ameneyo akumulimitsa m'munda mwa munthu ali mtulo.

Kenako zinthu zinayamba kumveka. Madzulo malata ankalira ngati wina akuyenda chokwawa padenga. Kadzidzi anasamukira mu mtengo wa peyala. Alidi analumbira kuti tsiku lina m'bandakucha anamva fungo la nsanza zopserera likuchokera pansi pa chitseko cha a Zione.

"Mimba ija yabedwa," anatero a Halimatu, monong'ona.

"Ndani angatero, amayi?"

"Dzanja lachilendo lolowa mumphika mwanu ndi la ndani?"

Sabata yomweyo a Zione anaterereka pampopi. Kugwa kwake kunali kwachabechabe, kongokhalira pansi, koma mkono unathyoka ngati phesi louma. Anthu anayang'anizana.

"Munthu kugwa pamatope n'kuthyoka chonchi?"

"Aaa, sanagwere apa amenewa. Agwa kuchokera m'mwamba, pa lichero."

"Taonani msana mmene wapindikira. Akusenza zolemera."

Panalibe anakumbukira kuti a Halimatu atakomoka ndi malungo chaka china, amene anawabereka kumsana womwewo mpaka pamsewu ndi a Zione. Panalibenso anakumbukira nkhuku imene anapereka pa ukwati wa Alidi, yosabwezedwa mpaka lero. Ana analetsedwa kupita pakhomo pawo. Tomato wawo anawolera m'dengu.

A Zione anakumana ndi Hajira kuseri kwa bafa, mkono uli m'chikhakha.

"Iwe mwana, pita kuchipatala. Zimene zikukuchitikirazi ndinaziona ine."

"Musandiyandikire, chonde."

"Andipha, Hajira. Ukudziwa kuti andipha."

Mawu amenewo anamusowetsa tulo. M'mawa mwake anakwera minibasi osauza munthu. Namwino atamuyeza anamukhazika pansi.

"Mayi, mimba munalibe. Mwasiya kusamba msanga, basi. M'thupi mwa mkazi muli timadzi totchedwa esitirojeni. Tikachepa, kumwezi kumatha, thupi limatentha, tulo timasowa. Pakapita zaka mafupa amafooka, ena amathyoka ndi kugwa pang'ono pokha. Thandizo lilipo, tikambirana."

"Mwati mafupa?"

"Ee, mafupa."

Hajira sanadikirenso mankhwala. Pa depoti ya Limbe minibasi inachedwa kudzaza, kondakitala akungokuwa kuti watsala mmodzi. Pofika ku Chigumula kunali kukuda. Fungo la utsi linamulandira asanakhote pa ngodya. Chitseko cha a Zione chinali pansi, mphasa ikufuka, madengu ali mbwee. Anamva kuti Alidi atabwera kuntchito n'kupeza mkazi wake kulibe, anakuwa kuti mfiti yamutenga, ndipo anyamata a m'deralo anatola miyala.

A Zione anathawira m'munda wa chimanga. Anawapeza kutacha m'ngalande yosafika ngakhale m'mawondo, chiuno chitathyoka, thupi litazizira. Mwala sunawakhudze ngakhale umodzi.

Maliro atatha, Hajira anapeza apongozi ake akusankhanso mpunga pakhonde.

"Amayi, inu posiya kusamba, thupi linkakutenthani?"

"Mkazi aliyense zimamupeza."

"Thukuta lija? Kusowa tulo?"

"Zonsezo."

"Ndiye munkadziwa."

A Halimatu sanadzutse mutu. "Poyamba ayi. Kenako ndinadziwa. Nanga ukanafuna ndimuuze chiyani Alidi, atayenda ndi bafa pamutu Chigumula yense akuona? Kuti mwana sadzamugwira? Mimba yobedwa amati mwina ibwerera."

Hajira analowa kukhitchini. Anatereka nyemba, natseka chitseko kuti alire yekha. Zitapsa anafika pa kachitini ka mchere, koma asanatape analawa msuzi, monga ankachitira a Zione.

Mchere unalimo kale, wokwanira bwinobwino.

Anataya, natsuka mphika, naphika zina osachoka pambaula. Analawa. Unalimo.

Kuyambira tsikulo kachitini kaja sikanatsegulidwenso. Alidi amadya osafunsa. Koma a Halimatu mbale yawo ikafika, mchere umachita kuwawa ngati wathiridwa ndi chikho, ngakhale ndiwozo zachokera mumphika umodzi ndi za ena. Anayesa kuphika okha, anayesa kukadya kwa mlongo wawo ku Bangwe, chimodzimodzi. Akuonda tsiku ndi tsiku. Madzulo alionse, nthawi yotendera ikakwana, amatembenukira ku khomo lopanda chitseko lija n'kunong'ona:

"Pang'ono chabe, a Zione. Lero lokha, pang'ono chabe."