Kambalame Wauma M'kamwa

Kunyumba ankamutchula kuti Kambalame. Ankakonda kuimba wezulo yake yofiira. Koma tsiku lina wezulo inakhala chete. Tsaya lake linatupa. Linatupa ngati mpira.

"Ndi dzino limenelo," anatero mkulu wake. "Alizula ndi pulayala!"

Gogogo! Gogogo!

Pakhomo panaima mlendo wamtali. Ananyamula chikwama chakuda. Kansalu koyera kanaphimba mphuno ndi pakamwa. Maso okha ndiwo ankaoneka. Amayi ananong'onezana naye. Kambalame anathawira pansi pa tebulo.

"Tuluka, mwanangu," anatero amayi. "Awa ndi adokotala a mano."

Kambalame anatuluka n'kumuyang'ana mlendoyo.

"Ndinu ndani dzina lanu?" anafunsa.

"Ndikuuza ukachira," anatero mlendo. "Tayasama."

Mlendo anasuzumira m'kamwa ndi kagalasi. Anasuzumiranso. Kenako anapisa dzanja m'chikwama. Kambalame anabwerera m'mbuyo. Pulayala ija!

Ayi, kanali kabotolo.

"Mano sakundiuza kanthu. Tifunse malovu. Lavulira umu."

Kambalame anayesa. Anayesanso. M'kamwa munali gwaa! Mantha anamwa malovu onse.

"Malovu akapanda kubwera, azula dzino," anaganiza.

"Tseka maso," anatero mlendo. "Ukuiona ndimu? Ndikuidula. Madzi ake akudontha. Tho! Tho!"

Tsaya linalasa. Koma malovu anabwera!

"Wezulo yako amaimbanso ndani?"

"Anzanga onse. Wina anatupanso tsaya."

"Ehee," anatero mlendo. Anatseka kabotolo n'kupita.

Kambalame anadikira. Sanapite kusukulu. Ankamwera kapu yakeyake. Wina akagogoda, iye ankagwira pakamwa. Pang'onopang'ono tsaya linaphwa.

Gogogo!

Mlendo uja!

"Malovu ayankha," anatero. "Si dzino ayi. Anali matsagwidi. Kachilombo kake kamayenda m'malovu. Wezulo ija uitsuke. Uziimba wekha."

"Ndiye simuzula?"

"Ngakhale limodzi."

Kambalame analumpha. Kenako anaima.

"Ndachira. Nanga dzina lija?"

Mlendo anamasula kansalu pang'onopang'ono. Anamwetulira. Kumwetulira kwake kunali ngati kwa amayi!

"Achimwene, mwamuopseza mokwanira mwanayu," anaseka amayi.

Mlendo anagwada pansi n'kutambasula manja.

"Ndinapita kutali kukaphunzira uli khanda. Kuntchito amati adokotala. Koma iwe uziti amalume."