Kasinja wa Agogo Yusuph

Asia amakhala ku Bangwe. Amakhala ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna, a Yusuph.

Kale agogo anali msilikali. Ali ndi chithunzi chimodzi. Pachithunzipo aima pafupi ndi kasinja, chigalimoto chachitsulo cha nkhondo.

Koma maso a agogo saonanso. Amangogwira chithunzicho. Asia akawaona, mtima umamuwawa.

"Ndiwapangira kasinja wawo," anatero Asia.

Anatenga katoni. Anadula. Anamata. Anajambula mateyala. Anajambula chitseko. Anapaka penti yobiriwira. Kasinja anakongola zedi!

"Agogo, landirani!"

Agogo anapapasa uku. Anapapasa uko.

"Zikomo, mdzukulu wanga. Kodi ndi bokosi la sopo?"

Asia anafuna kulira. Anakakhala pakhonde. Anatsinzina. Anapapasa kasinja wake. Mateyala sanawamve. Chitseko sanachimve. Zala siziona penti!

M'mawa mwake anatola zitsekerero za mabotolo. Kenako anapita kwa a Hamis, okonza njinga pamsika.

"Odi, a Hamis. Muli ndi tcheni chakutha?"

"Cha chiyani?"

"Cha kasinja."

A Hamis anaseka. "Tenga, injiniya!"

Zitsekerero zinakhala mateyala. Tcheni chinazungulira mateyalawo. Mpope wa bolopeni unakhala mfuti. Kachivundikiro ka chitini kanakhala chitseko.

Asia akamata chinthu, ankatsinzina. Ankapapasa. Akachimva, ankapitiriza.

Kasinja uyu sanakongole ayi. Guluu anali ponseponse.

"Agogo, landiraninso."

Agogo anapapasa uku. Anapapasa uko. Zala zinaima pa tcheni. Zinayenda pang'onopang'ono. Zinawerenga mateyala. Zinatsegula kachitseko.

"Apa!" anafuula agogo. "Ine ndinkalowera apa!"

Agogo anaseka kwambiri. Amayi anasiya kuchapa. Anabwera ndi thovu m'manja. Panali patapita nthawi agogo asanaseke chonchi.

"Koma waiwala chinthu chimodzi," anatero agogo.

"Chiyani, agogo?"

Agogo anaika chala pa kasinja. "Kumbuyo kuno. Tinkamangirirapo ketulo ya tiyi."

Asia anadzuka msanga. "Ndikapeza kaketulo! Musachotse chala pamenepo, agogo!"

Anathamanga kukafuna kachitsekerero kena.

Agogo sanachotse chala. Anadikira, akumwetulira.