Chitseko Chomwe Chinkaiwala Masana

"Zaka khumi ndi ziwiri ndili pano," anatero a Kapitawo akudzisisita pamimba, "ndipo sanabadwe munthu, ngakhale makina, woti alembe dzina langa pa cholakwa."

Ananena izi Lolemba m'mawa, apolisi akuwerenga mashelefu m'nyumba yosungiramo katundu. Mabatire a sola makumi atatu anali atasowa. Loko sanathyoledwe. Chitseko chake n'chotsegula ndi khadi, ndipo aliyense akatsegula chimatumiza dzina lake ku kompyuta ya ku ofesi. Koma mndandanda unali woyera, wopanda dzina la wakuba.

Ndiye maso onse anagwera mayi woyang'anira netiweki, yemwe anzake ankamutcha Mawaya. A Sajeni a polisi sanazungulire. Anati wofufuta dzina ndi amene ali ndi kiyi wa kompyuta, ndipo anamupatsa mpaka Lachisanu kuti aonetse kuti si iye.

"Bwana, ndili ndi mwana woyamwa."

"Kuselo amalola ana, mayi."

Lachiwiri mayiyo anasintha mawaya a chitseko. Palibe. Lachitatu anamasula chowerengera makadi, n'kuchipeza chili bwinobwino. Mwamuna wake anayamba kufunsa anthu mtengo wa loya monong'ona.

Lachinayi, maso ali psuu, anaona chinthu chomwe aliyense ankachidutsa: munthu woyamba kutsegula m'mawa sankalembedwa. Tsiku lililonse. Wachiwiri ndiye ankaoneka.

Anathamangira ku fayawo, kabokosi kolondera njira pakati pa chitseko ndi ofesi. Mlonda ameneyu ali ndi khalidwe la mlamu waulesi: mukakhala chete ola lathunthu amakuiwalani, n'kutseka njira osauza munthu. Uthenga woyamba pambuyo pake umatayika. Chitseko chimachita kugogodanso kuti achikumbukire.

Ola lathunthu la chete, masana? Mawaya anakumbukira lamulo lomwe a Kapitawo ankatamandidwa nalo: kuyambira thwelofu mpaka hafu wanu, munthu asayandikire chitseko, wantchito azipuma. Mpaka mabwana anawapatsa satifiketi ya kukonda anthu.

Mawaya sanauze aliyense koma a Sajeni. Anangolamula chitseko kuti mphindi zisanu zilizonse chizinena "ndilipo", mlonda uja asachiiwale.

A Sajeni anati nthano amazikonda, koma unyolo abwera nawo basi.

Lachisanu anakhala awiri mu ofesi, makatani otseka, unyolo uli patebulo. Thwelofu inadutsa. Wanu koloko inakwana. Palibe. Mkaka unayamba kunyowetsa bulauzi ya Mawaya, iye osasuntha. A Sajeni anayang'ana wotchi, n'kutambasula dzanja kutenga unyolo.

Nthawi itapitirira wanu ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, kompyuta inalira kamodzi.

Anawapeza a Kapitawo atatsekereza chitseko ndi njerwa, batire lili paphewa, galimoto ya mlamu wawo ikudikira kuseri, buti ili yasa. Anati amangosuntha katundu kuti akolope. Atafunsidwa za chokolopera, anati amapita kukachitenga.

A Sajeni anawakokera ku ofesi, n'kuwalozera kompyuta. Dzina lawo linali pamenepo lathunthu, ndi nthawi yake yomwe.

A Kapitawo anawerama, kuwerenga, kupukuta magalasi, kuwerenganso.

"Bodza ili," anatero. "Nthawi ino chitseko sichilemba."

"Mwadziwa bwanji, achimwene?" anafunsa a Sajeni, akutsegula unyolo.