Kanyumba ka Amayi M'galasi la Kampani

Nkhaniyi sindinaitole pa minibasi. Zina ndinaona ndi maso angawa, zina anandiuza ndi mayi wokolopa mu ofesi ya kampani yomanga nyumba, munthu wamkulu yemwe alibe nthawi yopeka nkhani. Wofuna kutsutsa atsutse, koma asadzatsutsire pakhomo panga.

Kampaniyo itafuna dera lathu kuti imangepo nyumba zosanja, amene ankayenda khomo ndi khomo kunyengerera anthu anali mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga. Ndi munthu wa tayi ngakhale Loweruka, wa pakamwa potsekemera ngati wamwa uchi. Ndimadana naye, ndipo sindibisa. Anansi onse anasamuka, koma amayi athu anakanitsitsa. Ndiye kampani inangomanga mowazungulira. Makoma aatali anaima mbali zonse, dzuwa linasiya kufika pabwalo, zovala zinkanunkha chinyontho zili pachingwe. Kenako madzi anadulidwa. Amayi ankakatunga kutali ndi chidebe, akukhwekhwereza patapata zawo, mpaka chifuwa chinawagwira.

Ali m'chipatala anandigwira dzanja mwamphamvu. "Amene wandidulira madzi," anatero, "ndidzamupeza." Atangoikidwa m'manda, nyumba inagumulidwa, pamalopo n'kukonzapo poimika magalimoto. Mlamu ndi achemwali anatenga zipinda za pamwamba penipeni pa ngongole ya kubanki, khonde lake loyang'ana pomwepo.

Pansi pa nyumba yosanjayo pali ofesi yogulitsira zipinda. Pakati pa ofesiyo pali tebulo lotsekedwa ndi galasi, ndipo m'katimo anaumbamo dera lonse latsopano: tinyumba tosanja, timisewu, timitengo ta pulasitiki, ndi tianthu totalika ngati kamtengo ka machesi. Kiyi wa galasilo amasunga ndi mlamu.

Mayi wokolopa uja anandipeza kumsika. "Mukaone m'galasi muja," ananong'ona. "Koma musanditchule."

Ndinapita dzuwa lili paliwombo. M'galasimo, pamalo oimika magalimoto panali kanyumba ka malata. Chitseko chobiriwira. Zenera limodzi lotseka ndi katoni, monga linalili lathu. Pakhomo panaima kamunthu ka mpango kumutu, chidebe kumanja.

Mlamu anatulukira kumbuyo kwanga. "Ndinu mwachita zimenezi, alamu? Nsanje idzakuphani."

"Kiyi ali m'thumba mwanu. Ine ndalowamo ndi mphepo?"

Anatsegula galasi, anazula kanyumbako pamodzi ndi kamunthu, n'kuzipondaponda ndi nsapato yake yonyezimirayo. Mayi uja anasesa yekha zidutswa zake. M'mawa mwake anapeza kanyumba kali pomwepo. Koma kamunthu kanali katachoka pakhomo, kali pakati pa kamsewu.

Kuyambira pamenepo mayiyu ankandiuza zonse. Galasilo linayamba kuchita nthunzi m'kati, ngati wina akupumiramo. Akamalipukuta ankamva fungo la chinyontho ndi la mankhwala opaka pachifuwa. Kamunthu kanadutsa timitengo. Kanafika pageti. Tsiku lina kanaima pakhomo pa kanyumba kosanja, ndipo tsiku lomwelo m'chikepe chenicheni chokwerera m'zipinda za pamwamba munapezeka madontho a madzi, m'mawa, munthu asanakweremo.

Kunena zoona, ine ndinasangalala. Ndinati amayi amupeze ndithu, amutsukuluze tayiyo. Nkhawa yanga inali pa achemwali okha, kuti angadzavulalire limodzi. Ndinauza mlamu kuti ndikuwatenga.

"Akachoka muno, banki mukailipira ndinu?" anandifunsa. "Zidole zikukuopsani, anthu akuluakulu!"

Ndinadikira kuti atsikire ku ofesi, n'kukwera. Anali masana, kunja kukutentha. Achemwali ndinawapeza ataonda, atakhala kukhitchini, akuyang'ana mpopi.

"Sukutuluka madzi," anatero. "Kwa anansi akutuluka."

"Longedzani. Tizipita."

Ndipamene tinamva. Kutali, kumapeto kwa kanjira kolowera m'zipinda. Khwe. Khwe. Patapata pasimenti. Chogwirira chidebe chikulira, kwi, kwi, monga chinkalirira chija. Firiji inasiya kulira. Fungo la mankhwala a pachifuwa linadzaza nyumba.

Kuyendako kunaima pachitseko.

"Usatsegule," achemwali ananong'ona.

Sanagogode. Tinangomva chidebe chikuikidwa pansi. Madzi anayamba kulowa kunsi kwa chitseko, pang'onopang'ono, ozizira. Anazungulira phazi langa. Anakafika pa mapazi a achemwali. Panja wina anatsokomola, chifuwa chomwe chija.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Mwana wa anansi atadutsa akuimba, ndinatsegula. Panalibe munthu, panalibe chidebe, koma simenti inali yonyowa. Tinatsika pa masitepe osatenga ngakhale chikwama.

Achemwali anakhala kwa ine. Mlamu anatsala yekha m'mwambamo ndi ngongole yake, ndipo ndinkayembekeza uthenga wake ngati mvula. Sunabwere. Munthu ankadya, ankagulitsa zipinda, anagulanso tayi yatsopano. Mtima unandiwawa, moti ndinapita ku ofesi kuja kukaona ndekha kuti amayi akuchedwa ndi chiyani.

Mayi wokolopa sanandipatse moni. Anangoloza ndi mutu.

Kamunthu sikanali pa kanyumba kosanja. Kanali kumapeto kwa tebulo, pamene kamsewu kamathera, nkhope itagunda galasi. Msewu umenewo ndimaudziwa. Ndi womwe ndimadzera popita kunyumba kwanga.

Ndinathamanga. Achemwali ndinawapeza atakhala pabedi langa, manja ali pamiyendo. Ndinawauza zomwe ndinaona. Sanadabwe.

"Alamu ako sankadziwa pomwe paipi ya amayi inadutsa," anatero motsitsa mawu. "Ndinawalozera ndine. Ndinkaganiza kuti madzi akasowa, amayi asamuka."

Ndinafuna kuwamenya. Ndinafuna kuwaponyera kunja pamodzi ndi nsalu zomwe ndinawabwereka. Koma ndi achemwali anga, ndipo ndatsala nawo okhawo. Ndinakhoma chitseko, n'kutseka mpata wa kunsi kwake ndi thaulo.

M'mawa mwake mayi wokolopa anandiimbira. Galasi silinasweke, kiyi akadali ndi mlamu, koma kamunthu mulibe. Ndikulankhula naye choncho, ndinatsegula mpopi kuti ndiike madzi a tiyi. Unangopuma mpweya, n'kukhala chete. Kwa anansi ndinkamva madzi akuthira m'ndowa.