Khonde la Chipewa cha Bambo

Kamphepo anali mtsikana wachangu. Ankadya mwachangu. Ankayenda mwachangu. Koma kufunsa ankaona ngati kutaya nthawi.

Tsiku lina Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna mkombero.

Kusukulu aphunzitsi anali ataphunzitsa za mapulaneti.

"Dziko lathuli ndi pulaneti," anatero aphunzitsi. "Lili ndi anzake. Onse pamodzi alipo asanu ndi atatu. Onse amazungulira dzuwa."

Aphunzitsi anasankha ana oti akapange mapulaneti a mapepala.

"Kamphepo, iwe ukapange Satuni. Satuni ali ndi mkombero waukulu womuzungulira. Mawa tidzasewera pabwalo."

Kunyumba, Kamphepo anaumba mpira wa mapepala. Anaumanga ndi ulusi. Mpira unatheka. Koma mkombero unavuta.

Anadula wa pepala. Unang'ambika. Anadulanso wina. Unapindika.

"Satuni wopanda mkombero ndi mpira wamba," anadandaula Kamphepo.

Kenako anayang'ana kuseri kwa chitseko. Pa msomali panali chipewa cha bambo ake. Chinali chipewa cha khonde. Khonde lake linali lalikulu. Linali lozungulira. Linali lolimba.

Bambo ake anali mmisiri womanga nyumba. Tsiku lonse ankakhala padzuwa. Ndipo anali ndi dazi, losalala ngati mbale.

Bambo anali kubafa. Amayi anali kukhitchini. Kamphepo sanafunse munthu. Anatenga sizasi. Anadula, anadula, mpaka khonde lonse linachoka.

Analilowetsa pa mpira uja. Linakwana ndendende! Chotsala cha chipewa anachikankhira pansi pa bedi.

M'mawa bambo anayang'ana pa msomali. Panalibe kanthu. Anayang'ana pampando. Panalibenso kanthu.

"Chipewa changa ndani wachiona?" anafunsa bambo.

Amayi anati sanachione. Kamphepo anangokumbatira chikwama chake.

"Basi, ndachedwa," anatero bambo.

Anatuluka, dazi lili pamtetete.

Kusukulu, aphunzitsi anatulutsa ana pabwalo. Mnyamata wina wamtali anaima pakati. Ananyamula dzuwa la pepala.

Wonyamula pulaneti la Mekyure anaima pafupi ndi dzuwa. Kenako Vinasi. Kenako Dziko Lapansi. Kenako Maazi wofiira. Kenako Jupita, wamkulu kuposa onse. Kenako Kamphepo ndi Satuni wake. Yurenasi ndi Neputuni anaima kutali, pafupi ndi mpanda.

"Taonani mkombero wa Kamphepo!" anakuwa ana.

"Wachita bwino kwambiri, Kamphepo," anatero aphunzitsi.

Ana anamuombera m'manja. Kenako onse anayamba kuzungulira dzuwa la pepala.

"Mekyure, thamanga! Iwe ndiwe waliwiro kuposa onse," anatero aphunzitsi. "Satuni, yenda pang'onopang'ono. Iwe uli kutali ndi dzuwa. Kwanu kumazizira kwambiri."

Koma Kamphepo sankamva kuzizira. Kumwamba kunali dzuwa lenileni. Linamuwotcha pamutu. Linamuwotcha m'khosi. Thukuta linalowa m'maso.

Pamenepo anakumbukira bambo ake. Iye anali padzuwa kanthawi kochepa chabe. Nanga bambo, a tsiku lonse?

Anzake ankaseka. Kamphepo sanaseke. Mtima unkamuwawa.

"Ndikanafunsa," ananong'ona.

Ataweruka, anadzera pamalo pamene bambo ankamanga nyumba. Anawaona ali pamwamba pa khoma. Pamutu anali atavala pepala la simenti. Mphepo inabwera. Pepala lija linauluka.

Anzawo a bambo anaseka.

"Amisiri, lero dzuwa latuluka pawiri! Lina kumwamba, lina pamutu panu!"

Bambo anaseka nawo. Koma ankasisita mutu. Ankatsinzina ndi ululu.

Kenako anaona Kamphepo ataima pamsewu.

"Mwanangu, thamangira kunyumba!" anakuwa bambo. "Dzuwali laopsa. Lingakudwalitse mutu."

Kamphepo sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono. Chikwama chinkamulemera. Misozi inkatsika.

"Ndikanafunsa," ananong'onanso.

Madzulo bambo anafika atatopa. Anakhala pampando, atagwira mutu. Amayi anaviika kansalu m'madzi. Anakaika pa dazi.

"Mutu ukundiwawa zedi," anatero bambo.

Kamphepo analowa kuchipinda. Anagwada, napisa dzanja pansi pa bedi. Anatulutsa chipewa chopanda khonde. Anavula mkombero wa Satuni. Anabwera nazo zonse ziwiri kwa bambo.

"Bambo, ndinadula ndine," anatero Kamphepo. "Ndimafuna mkombero. Pepani."

Bambo anayang'ana chipewa. Anayang'ana khonde. Sanakalipe. Anangochigwira chipewa chija m'manja.

"Chipewachi ndinayamba kuvala iwe usanabadwe," anatero bambo motsitsa mawu.

Kamphepo analira kwambiri. Kukanakhala bwino akanamukalipira.

"Safunsa anadya phula," anatero amayi. "Bambo akowa ndi mmisiri. Mkombero ukanawavuta iwowa?"

Kamphepo anapukusa mutu.

"Pukuta misozi. Katenge singano ndi ulusi," anatero amayi.

M'kabati munali ulusi wofiira wokha. Amayi anagwira chipewa. Kamphepo anayamba kusoka. Ulendo uno sanachite changu. Analowetsa singano. Anakoka ulusi. Analowetsanso. Anakokanso. Singano inamubaya chala, koma sanasiye.

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka. Anatenga katoni. Anatenga mbale yaikulu ndi yaing'ono. Anajambula mizere iwiri yozungulira. Anadula bwinobwino.

"Bweretsa Satuni wakoyo," anatero bambo.

Mkombero watsopano unalowa. Unali wolimba. Unali wokongola kuposa woyamba uja. Kamphepo atauona, anaweramitsa mutu.

"Ndiye Satuniyo amakhala pati?" anafunsa bambo. "Ife kusukulu zimenezi zinatidutsa."

Kamphepo anaika ketulo pakati pa tebulo.

"Ili ndi dzuwa," anatero.

Anaika makapu. Anaika zivundikiro. Anatchula mapulaneti onse, limodzi limodzi. Satuni anamuika chakumapeto kwa tebulo.

"Uku kumazizira kwambiri, bambo."

"Eya! Ndiye mawa ndikamange nyumba kumeneko," anatero bambo.

Amayi anaseka. Kamphepo nayenso anaseka pang'ono.

Koma chipewa sichinabwerere mwakale. Khonde linapendekeka. Ulusi wofiira unkaonekera patali. Malo ena kunatsala timabowo.

M'mawa Kamphepo anachitenga yekha. Anachipereka kwa bambo ndi manja awiri.

"Sichikukongola, bambo," anatero mwachisoni. "Anzanu akakusekani."

Bambo anachivala. Mthunzi unatsikira pa nkhope yawo.

"Aseke," anatero bambo. "Akandifunsa telala wake, ndikawauza kuti ndi mwana wanga."

Anamugwira dzanja. Anatuluka limodzi, dzuwa likutuluka.