Tambula Imene Sinathiridwe Lachinayi

Mtembo wa Prokop Zelinka unagona chafufumimba m'munsi mwa masitepe, m'chipinda chapansi cha nyumba yofululira mowa ku Lhotka. Linali Lachinayi, 2 koloko masana itangopitirira. Pambali pake panali kandulo yozima.

Kaputeni Ludmila Kovandová, wapolisi amene anamera imvi akufufuza milandu, anatsika atagwira kandulo yakeyake pafupi ndi bondo, monga amachitira ofulula. Mowa ukamawira umatulutsa mpweya wosanunkha umene umadikha pansi ngati madzi. Lawi likazima, thawa. Asanafike pansi lawi lija linafupika n'kuyamba kuphethira. Anabwerera chafutambuyo, ndipo m'pamene anaona chitseko chili chokandikakandika cham'kati. Ozimitsa moto atautulutsa mtembo, zikhadabo zake zinali zothyoka. Wina anazimitsa makina otulutsa mpweya, n'kutseka mpiringidzo wakunja, kenako n'kudzautsegulanso zonse zitatha. Dokotala anati mkuluyo anafa cham'mawa.

Prokop sanali munthu wamba. Moyo wake wonse analemba za mowa ndi wisiki. Akayamikira mowa wako, anthu ankabwera pa mabasi kuchokera ku Prague. Akaukwinyira nkhope, migolo yako inkasasa yosagulidwa.

Amene anapeza mtembo ndi Radim Hejduk, mwini nyumba yofululirayo. Apolisi anam'tsekera pomuganizira. Anavomera kuti anakangana ndi malemuyo, chifukwa Prokop analemba kuti mowa wake watsopano ukumveka thumba lonyowa. Anati m'mawawo anapita ku Žatec kukaona hopu, maluwa owawitsa mowa, koma mlimi sanamupeze, moti mboni analibe. Kiyi ya pamalopo amaisiya pamsomali kuseri kwa nyumba, ndipo aliyense wotenga migolo amadziwa.

"Mayi Kaputeni, ine ndimaopa chipinda chija kuposa ndende," anatero. "Sindingatsekeremo ngakhale khoswe."

Akuluakulu ankafuna kuti Lolemba Radim akaonekere kukhoti. Ludmila mtima sunakhale pansi. Ngati si Radim, ndiye kuti amene anaima pachitseko n'kumamvetsera nkhalamba ikukanda anali akuyendabe m'tauni, mwina akumupatsa moni iyeyo.

Loweruka masana anzake a Prokop anasonkhana m'bala ya Ota Pelikán kuti amukumbukire. Ludmila anakhala pakona ndi mbale ya gulashi, nyama yamsuzi, imene sanailawe. Amene ankalankhula kwambiri anali Cyril, woyendetsa sitima wopuma pantchito, ndi mnzake Věroslav. Věroslav anati malemu ndi amene anamuphunzitsa kudonthezera timadzi mu wisiki kuti fungo lidzuke.

"Bodza, iwe," anatero Cyril. "Iwe umadonthezera wisiki m'madzi, kuumira kwako. Prokop anati ukumwa zotsukira botolo."

Anaseka, koma kuseka kwake kosakhalitsa, aliyense akuba mnzake ndi diso. Ota anatsitsa tambula ya Prokop pamsomali pake, anaithira mwachifatse mpaka thovu kuima ngati chipewa, n'kuiika patsogolo pa mpando wopanda munthu.

Cyril anaiyang'ana maso ali jenjeje. Anati zaka zonsezi, 12 koloko masana ikamakwana, tambulayo imakhala ili kale patebulo, mwiniwake asanagwire n'chitseko chomwe. Kaya kugwe chipale, kaya Ota adwale dzino, inkadikira ili yodzaza.

"Lachinayi lokha ndi pamene inaswera pamsomali," anatero. "Ndinafunsanso kuti Ota, lero wayiwala abwana? Ngati kuti tambulayo inadziwiratu."

Tambula sidziwa kanthu. Pa 12 koloko Lachinayi, Radim anali asanabwere n'komwe, mtembo usanapezeke.

Ota anali atatsikira kuchipinda chake chapansi kukasintha mgolo. Ludmila anatumiza uthenga kupolisi, n'kumutsatira. Masitepe anali onyowa, denga lofupika. Anaima pamwamba, phazi limodzi atalipinga pachitseko. M'munsimo Ota anatembenuka, sipanala yaikulu ili m'manja.

"Bambo Pelikán, Lachinayi masana munadziwa bwanji kuti sabwera?"

Ota anati anatanganidwa. Ludmila anam'kumbutsa kuti tsikulo m'balamo munali anthu awiri okha. Anati ndiye anaiwala.

"Musandichedwetse. Munaiwala tsiku limodzi m'zaka zonsezi, tsiku lake lomwelo? Kiyi ija mumaidziwa. Migolo mumatenga m'mawa. Ikani chitsulocho pansi."

Ota anakwera sitepe imodzi. Ludmila phazi sanalichotse pachitseko. Mwamunayo anayang'ana sipanala ija ngati wangoiona kumene, anaigwetsa, n'kukhala pamgolo.

Anaulula zonse ndi mawu apansi. Prokop anamugwira akuthira mowa wotsalira m'matambula a ena n'kuukwirira ndi thovu latsopano. Ota anapepesa, anagwada, koma mkuluyo anati iye sananamizepo owerenga ake, nkhaniyo ailemba Lachisanu. Pampopi wa m'balamo ankathirirapo mowa bambo ake a Ota, ndipo Prokop yemweyo ndi amene analemba kale kuti Ota ndi katswiri wothira mowa m'chigawo chonse. Akanayenda bwanji mumsewu? Lachinayi m'mawa Ota ananamiza Prokop kuti Radim wam'siyira mowa wokonzanso kuti aulawe. Prokop anayatsa kandulo n'kutsika. Ota anatseka.

"Anandiitana dzina," anatero. "Sanatukwane ayi. Ankangoti Ota, Ota."

"Nanga tambula?"

"Ndinaigwira, mayi. Dzanja linakana. Sungathire mowa ukudziwa kuti uphwa wosamwedwa."

Galimoto ya polisi itaima panja, Ludmila anam'kweza atamumanga unyolo. Anauza wapolisi mnzake kuti Radim amutulutse lero lomwe, asadikire Lolemba.

M'balamo thovu la m'tambula ya Prokop linali litaphwa. Cyril, osatembenuka, anagogoda patebulo.

"Ota, yaphwa iyi. Bwera uwathirirenso abwana."

Kenako anatembenuka, n'kupeza pampopi palibe munthu.